Musanakwere ndeke, onani za amai otsala

Mabanja ena opeza bwino a ku Kabulonga ndi Woodlands akusamukira ku Britain. Ife sitiwaletsa. Koma tamva ena akunena kuti kumeneko cipatala n'caulere, ndiye tiwongoleko pang'ono.

Kuyambira mu February 2024, munthu wamkulu wosamukira kumeneko, kupatula anchito a zaumoyo, amalipira mapaundi 1,035 pa caka ciliconse ca viza yake, asanaonane n'komwe ndi dokotala. Mizere ku zipatala za boma za NHS iliko. Wofuna opaleshoni msanga amalipiranso ku cipatala colipira, monga acitira kuno akathawa mzere wa ku UTH.

Zimenezo a ndalama adzazikwanitsa. Nkhawa yathu ili pa otsala. Kuno ku Kabwata, ndi kumidzi ya ku Petauke ndi Katete, kuli amai okalamba amene mwana wao ndiye anali kuwagulira mankhwala a shuga ndi a BP akasowa ku kiliniki. Mwanayo akapita, adzagula ndani? Kaŵirikaŵiri katunduyu amagwera mlongo wolima cimanga, amene amaona ndalama kamodzi pa caka.

Inu opita, musanakwere ndeke lembetsani makolo ku NHIMA, inishuwalansi ya boma imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018. Sankhani wacibale mmodzi wosunga makhadi a kucipatala, mugwirizane naye ndalama ya mankhwala ndi ya ulendo mwezi uliwonse, pamaso pa banja lonse. Foni yocokera ku London siinganyamule wodwala usiku kupita naye ku Chilenje.