Mwana Wokhala Chete Sindiye Kuti Wamva

Ambirife tinakula tikudziwa kuti kalasi yabwino ndi ya ziii: ana akhale pansi, apinde manja, aphunzitsi alankhule. Koma amene tinaphunzirapo m'kalasi ya ana 100, titakhala pa simenti kuyambira m'mawa, tikukumbukira zimene zinkachitika ikamakwana 10 koloko. Ena ankawodzera, ena ankatsinana, ena maso ali pa bolodi koma maganizo ali pa mbatata ya m'thumba.

Thupi la mwana silinalengedwe kuti lizikhala malo amodzi kwa maola ambiri. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azisewera kapena kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Mwana akaimirira n'kutakataka, mtima umagunda mofulumirirapo, magazi amayenda bwino, tulo n'kubalalika. Choncho aphunzitsi asamadikire buleki. Mphindi ziwiri pakati pa phunziro zimathandiza: ana aimirire, adziwongole, adumphe kwinaku akutchula matebulo. Ngati malo ndi ochepa, amene akuti yankho ndi "inde" aimirire, a "ayi" akhale pansi.

Thupi likadzuka, pakamwanso patseguke. Mu 1981, Frank Lyman wa ku yunivesite ya Maryland ku America anafotokoza njira ya masitepe atatu. Aphunzitsi akafunsa funso, mwana aliyense aganize kaye payekha, kenako akambirane ndi mnzake wapafupi, pomaliza ena auze kalasi yonse. Taganizani: m'kalasi ya ana 100, aphunzitsi akaloza mwana mmodzi, ana 99 amangomvera. Akakambirana awiriawiri, ana 50 amayankha nthawi imodzi. Mtsikana wamanyazi amene sangakweze dzanja amayamba wayesa yankho lake kwa mnzake, ndipo akalakwitsa palibe womuseka. Komanso pofotokozera wina m'pamene mwana amazindikira pamene sanamvetse. Paja mutu umodzi susenza denga.

N'zoona kuti njirayi imabweretsa kaphokoso, ndipo ana ena amayamba kukamba za mpira. Mankhwala ake ndi funso limodzi lomveka bwino, nthawi yochepa, ndi chizindikiro chodziwika chosiyira, monga kuomba m'manja katatu. Ndiye makolofe tikadutsa pasukulu n'kumva ana akulankhula, tisathamangire kwa ahedi kukadandaula. Tiyambe tafunsa zimene akukambirana.

Kunyumba nakonso tingachite zomwezi, ngakhale m'kalasi ya ana ya Sukulu ya Sabata. Mwana akaweruka, tisamukhazike pa buku nthawi yomweyo. Adye, asewere, kenako awerenge pang'ono, n'kuimirira. Popita kumjigo kapena potsuka mbale, timufunse kuti, "Tandiphunzitsa zimene mwaphunzira lero." Ngakhale ife masamuwo tinaiwala kalekale, khutu lathu ndi lokwanira. Akakakamira pakati, tadziwa pofunika kubwereza mayeso asanafike.