Gasi wa AC satha ngati petulo, amalume!

Amalume anga amayendetsa Sienta pakati pa Mangochi boma ndi Namwera. Chaka chino chokha athiritsa gasi wa AC katatu. Ulendo uliwonse makaniko wina wa m'tauni amawauza kuti, "Bwana, gasi watha, dzuwa la kuno limadya gasi." Amalipira, galimoto imazizira masabata awiri, kenako pokwera mapiri a Chowe muno anthu thukuta lili kamukamu, mawindo onse otsitsa, fumbi likulowa. Ine ndikuti ndalama imeneyi ikungotayika, ndipo zimene taphunzira mu Physics ku Fomu 3 ndi zokwanira kuti tione chifukwa chake.

Tiyambire pa mtsuko. Madzi a mumtsuko amazizira chifukwa ena amadutsa m'dothi n'kuuma kunja, ndipo pouma amatenga kutentha n'kupita nako. Thukuta limagwiranso ntchito yomweyo. AC nayo imachita zimenezi basi, kungoti m'malo mwa madzi imagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa R134a, omwe amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro akakhala pamtunda.

Kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasiyu mpaka kutentha kwambiri, monga mmene pampu ya njinga imatenthera tikamapopa. Gasi wotenthayo amapita ku kondensa, kachitsulo kokhala ngati redieta komwe kali kutsogolo kwenikweni kwa galimoto. Kumeneko mphepo imamuziziritsa mpaka amasanduka madzimadzi. Akatero amafinyidwa kudutsa pakabowo kakang'ono, mphamvu yomupanikiza imatsika mwadzidzidzi, ndipo amayamba kuwira m'timapaipi tomwe tili kuseri kwa dashibodi. Powira paja ndi pamene amayamwa kutentha kwa mpweya wa m'galimoto. Kenako amabwerera ku kompuresa n'kuyambiranso. (Timadzi todontha pansi pa galimoto ikaima ndi chinyezi cha mumpweya, si kuti china chaboowoka ayi.)

Mwaona? Palibe pamene gasiyu akupsa kapena kutulukira ku ekizozi. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa. Akapezeka kuti watha m'masabata awiri, ndiye kuti penapake pali chibowo: mwina mwala unagenda kondensa, mwina timphira ta m'majointi tauma. Kuthira gasi wina osamata kuli ngati kupopa njinga m'mawa uliwonse minga ili chibaireni. Mwana aliyense wa kabaza amadziwa kuti umayamba waviika chubu m'beseni. Makaniko weniweni nayenso amafufuza kaye ndi thovu la sopo kapena utoto wapadera, amamata, amatulutsa mpweya ndi chinyezi ndi pampu, kenako amathira gasi poyeza magalamu amene alembedwa pa sitika ya pansi pa boneti.

Amalume ndikawauza amati, "Iwe, galimoto unaiphunzira kuti?" Chabwino, ndine mwana. Koma tsopano akulota zogula Toyota Aqua yochokera ku Japan poti simwa mafuta ambiri, ndipo apa mpamene ndikuchita mantha. Galimoto za hybrid ngati Aqua ndi Prius zimazimitsa injini zikaima, koma AC imapitirizabe kuzizira. Chinsinsi chake n'chakuti kompuresa yake ilibe lamba. Ili ndi mota ya magetsi m'kati mwake, yomwe imadya moto kuchokera ku batire lalikulu la mavoti oposa 100, kudzera pa mawaya a mtundu wa olenji aja. Oilo amene amayenda limodzi ndi gasi amakhudza mawaya a mota imeneyi, choncho amafunika wapadera wosadutsa magetsi. Wina akathiramo oilo wa PAG wa galimoto wamba, ngakhale wongotsalira m'paipi yothirira, magetsi akhoza kuyamba kuthawira ku chitsulo. Kompyuta ya galimoto ikazindikira imatha kukana kuliza, ndipo kompuresa yamtunduwu si ya ndalama za matola a sabata imodzi. Za kugwira mawaya a olenjiwo chisawawa, zimenezo ndiye ndi maliro.

Ena anena kuti galimoto ndi yawo, ndalama ndi zawo, ife zikutikhudza pati. Gasi wothawayo sapita m'thumba mwa amalume, amapita kumwamba kwa tonsefe. Wakale uja, R12, ankaononga ozoni mpaka maiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 zomuthetsa. R134a saononga ozoni, koma kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,430 a carbon dioxide. N'chifukwa chake mu 2016 maiko anakumananso ku Kigali, ku Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa gasi wa gulu limeneli, ndipo galimoto zambiri zatsopano zikubwera ndi R1234yf. Galimoto yaing'ono imanyamula pafupifupi theka la kilogalamu. Chulukitsani katatu nokha, masamu ake ngosavuta.

Loweruka lapitali ndinawapempha amalume kuti atsegule boneti. Pakona ya kondensa panali banga lakuda la oilo lomwe fumbi lakakamirapo, kukula ngati chikhatho changa. Ndinawalozera. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Ndiye ukuti ndikamuuze chani makaniko uja?"