Tisanasankhe database, tione potulukila

Tiyelekeze kuti tikupanga app yogulitsa matikiti a basi yocokela ku Intercity kupita ku Chipata. Wina akagula mpando, ufunika kucoka pa mafoni onse nthawi yomweyo, apo ayi anthu awili adzaukanganilana. Nchito imeneyi ni ya database.

Ambili a ife timathamangila Realtime Database ya Firebase, ya Google, ndipo si kupusa. Netiweki ikaduka ca ku Luangwa, foni ya kondakitala imasunga zimene walemba n'kuzitumiza ikabwelanso. Koma yaulele imalola mafoni 100 cabe panthawi imodzi. Mukafuna oposa apo, bilu imabwela m'madola, pamene matikiti tigulitsa m'makwacha.

Cimene citidetsa nkhawa kwambili ni kusamuka. Firebase simungainyamule n'kuiika pa seva yanu. Amene anamanga ma app awo pa Parse adziwa ululu wake: Facebook inalengeza mu 2016 kuti idzaitseka, n'kuwapatsa caka cimodzi kuti alongedze. Palinso Data Protection Act ya 2021, imene ifuna kuti data ya anthu izisungidwa pa seva za m'Zambia, kupatulapo zina zololedwa. Maina na manambala a okwela basi ali m'gulu limeneli.

N'cifukwa cake ife tikonda Supabase. Pansi pake pali PostgreSQL, ndipo tsiku lililonse tingaisamutsile pa seva ya mu Lusaka. Mtengo wake ulipo ndithu: zakuti app izisewenza netiweki ikaduka, tidzazilemba tekha, ndipo zimadya masabata.