Phunziro la Chemistry lili pa uvuni wa laimu ku Lirangwe

Lirangwe, pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zalewa, ndi dera lodziwika ndi laimu. Anthu amakumba miyala, kuiphwanya ndi nyundo, kuisanja mu uvuni pamodzi ndi nkhuni, kenako n'kuyatsa moto. Komabe ana a m'dera lomweli, mpaka ku Chileka, amangoloweza za reversible reactions pokonzekera mayeso a MSCE, osadziwa kuti zimene akulowezazo zikuchitika kuseri kwa mudzi wawo. Aphunzitsi akutaya mwayi waukulu.

Mwala wa laimu ndi calcium carbonate. Ukatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 900, umagawika pawiri: mpweya wa carbon dioxide umatuluka, n'kutsala laimu, calcium oxide. Pa makilogalamu 100 a mwala wosasakanikirana ndi zina, 44 amapita ndi mpweya ndipo 56 ndiwo amatsala. N'chifukwa chake mwala wopsa bwino umapepuka m'manja.

Koma zimenezi zimatha kubwerera m'mbuyo. Mwala ukawotchedwa m'chinthu chotsekeka, mpweya uja umasowa kothawira, ndiye wina umagwirananso ndi laimu n'kupanganso mwala. Imafika nthawi yoti mwala umene ukugawika umalingana ndi umene ukupangikanso. Poyang'ana kunja zimakhala ngati zonse zaima, pamene mkatimo mbali ziwirizi zikuchitikabe pa liwiro limodzi. Imeneyo ndiyo dynamic equilibrium.

Mu 1884, katswiri wa ku France, Henri Le Chatelier, anafotokoza kuti zinthu zolingana chotere zikasokonezedwa, zimapendekera mbali yochepetsa chisokonezocho. Wowotcha laimu amazichita ndi manja ake. Uvuni ukamapuma bwino, mphepo yolowa pansi imakankhira carbon dioxide kunja, ndipo mwala umangogawikabe mpaka kupsa wonse. Uvuni ukatsamwa, kapena miyala ikakhala ikuluikulu kwambiri, pakati pake pamatsala posapsa, nkhuni zitapita pachabe.

Mwala wopsawo ukathiridwa madzi umachita phokoso, umafuka nthunzi yotentha, n'kuyoyoka kukhala ufa woyera, calcium hydroxide. Ufawu ukapakidwa pakhoma umayamwa carbon dioxide wa mumlengalenga pang'onopang'ono n'kusandukanso calcium carbonate. Khoma limalimba chifukwa cha zimenezi, ndipo thumba la laimu losiyidwa losamanga limatha mphamvu pa chifukwa chomwechi.

Ena anganene kuti ku uvuni n'koopsa kwa ana. Zoona, laimu amawotcha khungu ndi maso, koma ana akhoza kuima patali n'kumaonerera, mphunzitsi ali pomwepo. Sukulu zambiri za kumudzi zilibe labotale, choncho si nzeru kunyalanyaza chimene chilipo kale.

Nawonso owotcha angapindule. Mitengo ikutha m'madera ozungulira Blantyre, ndipo amene wamvetsa chifukwa chake uvuni umafunika mphepo, ndiponso chifukwa chake miyala iyenera kuphwanyidwa molingana, amawononga nkhuni zochepa pa thumba lililonse. Mphunzitsi wa ku Chileka kapena Lirangwe angayambe ndi sikelo ya pamsika ndi miyala iwiri yofanana kukula, wina wopsa wina wauwisi, ana ayeze okha n'kufotokoza kumene kulemera kwinako kwapita.