Mwana akatsala pa chisankho cha boma, koleji ya Katolika isankhidwe ndi maso

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ophunzira opita ku mayunivesite a boma, m'makomo ambiri mumagwa chisoni. Mwana anakhoza MSCE, ali ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma dzina lake palibe. Nthawi zambiri vuto silikhala mutu wa mwanayo. Mayunivesite a boma alipo 6 okha, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, pomwe oyenerera ndi ochuluka. Amene ali ndi mapointi otsikitsitsa ndiwo amayamba kulowa, enawo n'kutsala.

Apa ndi pomwe makolo ambiri amatembenukira ku sukulu za Mpingo wa Katolika, kumene mpikisano wa malo sukhala waukulu motero. Catholic University of Malawi, yomwe maepiskopi a m'dziko muno anaitsegula ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006, ndiyo yodziwika kwambiri. Ku Mangochi kuli DMI-St John the Baptist University, ku Mzuzu kuli St John of God yophunzitsa zaumoyo, ndipo za unamwino zimaphunzitsidwa ku Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi St Joseph's ku Nguludi komweko. Wofuna ntchito zamanja angapite ku Don Bosco ku Lilongwe. Sukuluzi zimalandiranso ana a mipingo ina ndi Asilamu omwe.

Maganizo athu ndi akuti kusankha koteroko n'kwanzeru. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno: kubwereza Folomu 4 kawiri katatu pofuna kuchepetsa mapointi kumadya zaka za mwana popanda chitsimikizo. Koma kulowa mosavuta komanso dzina la mpingo zisakhale zifukwa zokhazo.

Choyamba kufunsa ndi chilolezo. Ambiri sadziwa kuti NCHE imaunika sukulu payokha ndiponso pulogalamu iliyonse payokha. Yunivesite ikhoza kukhala yovomerezeka koma digiri ina yongoyambitsidwa kumene isanavomerezedwe. Mwana akamaliza zaka 4 n'kupeza kuti olemba ntchito akukayikira pepala lake, palibe amene angam'bwezere zakazo. Mndandanda wa mapulogalamu ovomerezeka NCHE imaufalitsa, ndiye uonedwe ndi maso fomu isanadzazidwe. Pa za unamwino ndi zachipatala pali khomo lachiwiri: Nurses and Midwives Council of Malawi kapena Medical Council of Malawi, chifukwa popanda kulembetsedwa kumeneko munthu sangagwire ntchito m'chipatala.

Kenako ndalama, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amapunthwa. Sukulu za mpingo zimayendera fizi ya ophunzira, motero kukwera kwa mitengo ya zinthu kumafika msanga m'thumba la kholo. Musawerengere semesita yoyamba yokha. Werengerani zaka zonse, muphatikize malo ogona, chakudya, thiransipoti ndi laputopu. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira la HESLGB limathandizanso a m'mayunivesite omwe si a boma ngati ali ovomerezeka, koma opempha ndi ambiri ndipo si onse amene amalandira. Achibale amene akulonjeza thandizo anene poyera kuti apereka zingati, mpaka liti. Malonjezo a pa maliro ndi pa ukwati salipira fizi.

Nanga Chikatolika chake? Papa Yohane Paulo Wachiwiri analemba mu 1990 chikalata cha Ex Corde Ecclesiae chofotokoza chimene yunivesite ya Katolika iyenera kukhala, ndipo mfundo yake ina ndi yakuti maphunziro akhale ozama monga a yunivesite ina iliyonse. Misa ya m'mawa ndi mwambo wabwino n'zothandiza, koma wansembe wa pasukulu sangalowe m'malo mwa mphunzitsi wodziwa ntchito kapena laibulale yokhala ndi mabuku. Makolo ena amatumiza mwana ku sukulu ya mpingo poganiza kuti asisitere akam'lera. Pa koleji mwana ndi wamkulu kale, akadzisunga yekha.

Mwanayonso afunsidwe. Wofuna zaulimi akakakamizidwa uphunzitsi chifukwa choti ndiko kunapezeka malo, amaphunzira mokoka miyendo, ena amasiyira panjira fizi itapita kale.

Makolo, musanalipire kalikonse, kwerani minibasi limodzi ndi mwana wanu mukaone sukuluyo. Mukalowe m'kalasi ndi m'hositelo, mucheze ndi ophunzira a chaka chachitatu aphunzitsi ali kutali, ndipo ku ofesi mukapemphe kuona kalata ya NCHE yovomereza pulogalamu imene mwanayo akufuna.