Jeke nayonso imamva ludzu

Nyengo ya maulendo akumudzi ikayandikira, ambiri amene muli ndi kagalimoto mumakumbukira matayala, mabuleki ndi oyilo wa injini. Koma pali kachitsulo kena kamene kamangogona m'buti, osakumbukiridwa mpaka tsiku limene tayala laphwa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, dzuwa likulowa, mvula ikuwaza. Ndikunena jeke, makamaka ija yooneka ngati botolo imene timachita kupopa ndi chogwirira.

Jeke yotereyi ndi pampu ya manja. Mukamapopa, kapisitoni kakang'ono kamakankha oyilo kupita pansi pa pisitoni yaikulu, ndipo yaikuluyo imakwera pang'onopang'ono itasenza galimoto. Mfundo yake anaifotokoza Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600: mukafinya zamadzimadzi zotsekeredwa, mphamvuyo imafika ponseponse mofanana. Oyilo saphwanyika akafinyidwa, koma mpweya umaphwanyika. N'chifukwa chake jeke ikachepa oyilo kapena ikalowa mpweya, mumapopa mpaka thukuta kamukamu, iyo osakwera, kapena kungokwera theka basi.

Anthu ambiri akaona zimenezi amati yatha, tikagule ina. Dikirani kaye. Nthawi zambiri imakhala kuti yangomva ludzu.

Kuthira oyilo si ntchito yofuna makaniko. Chitani izi jeke isanasenze kalikonse. Masulani pang'ono kasikuluwu kotsitsira kali m'munsi kaja, mukankhire pisitoni pansi mpaka ilowe yonse. Iimikeni chilili pamalo osalala. Pambali pa botololo pali kachitsekero ka mphira. Pukutani bwino mozungulira musanakachotse, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakalowa kangathe kulepheretsa timipira tachitsulo ta m'katimo kutseka bwino. Kenako thirani oyilo pang'onopang'ono mpaka afike pakamwa pa kabowoko. Akayamba kusefukira, lekani. Musaigoneke kuti mudzazitse, ayi. Pamwamba pamafunika kutsala kampata, apo ayi oyiloyo adzayamba kutulukira m'mphira.

Tsono apa ndi pamene ambiri amalakwira. Munthu amayang'ana m'buti, n'kupeza kabotolo ka mafuta a mabuleki, n'kunena kuti zonsezi ndi zamadzimadzi. Chonde musayerekeze. Mafuta a mabuleki amafufumitsa ndi kuwononga mphira za mu jeke, komanso amayamwa chinyontho chimene chimabweretsa dzimbiri. Oyilo wa injini nayenso ndi wokhuthala kwambiri, ndipo wogwiritsidwa kale uja ndiye poizoni weniweni, wadzaza tizitsulo ndi mwaye. M'sitolo ya masipeya funsani oyilo wa hayidiroliki wa jeke. Wopepuka wolembedwa 32 ndi amene jeke zambiri zimafuna. Ngati jeke yanu inabwera ndi kapepala, werengani zimene akunena. Paja safunsa anadya phula.

Mukathira, chotsani mpweya. Kasikuluwu kotsitsira kadakali komasula, popani msangamsanga ka 10 kapena kupitirirapo. Bwezerani chitsekero, mangani kasikuluwuko, mupope mpaka pisitoni ifike pamwamba, kenako muitsitse. Ngati chogwirira chikumvekabe chofewa ngati mukufinya siponji, tsegulani chitsekero pang'ono kuti mpweya utuluke, mubwerezenso. Dziwaninso kuti kasikuluwu kaja sikafuna kumasulidwa kwambiri. Kuzungulitsa kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Mukakachotseratu, kampira kachitsulo kali kuseri kwake kangagwere m'fumbi, ndipo kakasowa, jekeyo singagwirenso katundu.

Nanga ikamakwera bwinobwino koma n'kumatsika yokha itasenza galimoto? Yambani mwaona ngati kasikuluwu kamangidwa bwino. Ngati ikutsikabe, kapena mukuona oyilo akuchucha pakhosi pa pisitoni, ndiye kuti mphira zatha kapena mavavu sakutseka. Apa kuthira oyilo sikuthandiza. Pitani nayo kwa odziwa akasinthe mphirazo, kapena mugule ina. Jeke yotsika yokha si yoyenda nayo paulendo.

Kasungidwe nakonso ndi nkhani. Isungeni yoimirira, pisitoni italowa yonse, kuti isachite dzimbiri ndi kukanda mphira. Ikagona chammbali m'buti miyezi yambiri, oyilo amadontha ndipo mpweya umalowa. Oyilo akada kapena akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi. Khuthulirani m'chigubu, muthire watsopano. Wakaleyo musatayire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Onaninso nambala yolembedwa pambali. Jeke ya matani 2 ndi ya kagalimoto kakang'ono, si yonyamulira lole yodzaza chimanga.

Koma abale anga, ngakhale muiwale zonsezi, ichi chokha musaiwale: jeke ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga moyo wanu. Galimoto yonse ija imakhala itatsamira pa kamphira kakang'ono ndi kampira kachitsulo. Musalowe pansi pa galimoto, ngakhale kulowetsa mkono kapena mwendo, itangodalira jeke yokha. Ku galaja yabwino amaika zochirikizira zachitsulo. Pamsewu, imani pamalo olimba ndi athyathyathya, kokani handibuleki, ikani miyala kumatayala enawo, tsitsani onse okwera, ndipo tayala limene mwachotsalo ligonekeni pansi pa galimoto pafupi ndi jeke. Ngati nthaka yafewa ndi mvula, yalani thabwa lolimba pansi pa jekeyo. Njerwa ayi, zimasweka mosachenjeza. Tsoka silinunkha.

Loweruka likubwerali, musanayambe kutsuka galimoto, tulutsani jeke, muyese kukweza tayala limodzi pakhomo pomwepo, mudikire mphindi zisanu. Ikapirira, yendani bwino, mukapereke moni kwa agogo. Ikayamba kutsika, mwaidziwira pabwino.