Noti imodzi yomwe inafika m'khoti ku New York

Kumapeto kwa mwezi wa Epulo 2023, m'khoti lina ku Manhattan, mumzinda wa New York, mboni inanyamula gitala n'kuyamba kuimba pamaso pa woweruza. Mboniyo inali Ed Sheeran, woimba wa ku England, ndipo ndiye analinso woimbidwa mlandu. A kubanja la malemu Ed Townsend, yemwe anapeka "Let's Get It On" pamodzi ndi Marvin Gaye mu 1973, ankati Sheeran anaba msana wa nyimboyo n'kumangirapo "Thinking Out Loud", ija anapeka ndi Amy Wadge n'kuitulutsa mu 2014.

Nyimbo ziwirizi zimazungulira pa ma chord anayi. Yoyamba, yachitatu ndi yachinayi zimagwira ntchito yofanana m'nyimbo zonsezi, ndipo pamenepo panalibe wotsutsa. Mkangano unagona pa chord yachiwiri. Katswiri wa odandaula, Alexander Stewart, anauza khoti kuti m'masekondi oyambirira a nyimbo yake Sheeran amagwira chord ya minor ngati ija ya Gaye. Sheeran anakanitsitsa. Anaimba njira zonse ziwiri pa gitala paja kuti anthu amve okha kuti iye amagwirabe D, chord yoyamba ija, kungoti pansi pake amaikapo F#.

Amene anakulira m'kwaya ya kutchalitchi nkhaniyi saivutikira, chifukwa solofa amaidziwa kale. Chord ya kwawo kwa nyimbo ndi do, mi, so. Abambo a besi akaimba do, chord imakhala yakhazikika ngati mphika pa mafuwa atatu. Akasiya do n'kukwera pa mi, manoti amakhala omwewo koma chord imapendekeka, imafuna kupita kwina. Akaima pa so, imalendewera m'malere, ndipo khutu limadikira kuti itera pati. Kutembenuza chord motereku ndi kumene oimba amati inversion, ndipo papepala amalemba ndi kamzere kopendekera: D/F# ndiye kuti dzanja lamanja lili pa D, lamanzere lili pa F#.

Tsono chord ya Gaye ndi mi, so, ti. Ya Sheeran ndi mi, so, do. Manoti awiri ndi amodzimodzi, wachitatu yekha ndiye wosiyana, ndipo ti ndi do ndi oyandikana khomo ndi khomo. Pa kiyibodi palibe batani lina pakati pawo. Maloya a mbali ziwiri anakangana pa kampata kameneko.

Kwa mlembi wa ndemanga ino, kampatako n'kakang'ono pa malamulo koma n'kakakulu kukhutu, ndipo chifukwa chake chili m'mawu a nyimbozo. Gaye akuimba za chilakolako, akunyengerera. Chord yake yachiwiri imachoka pakhomo n'kulowa kaye mumthunzi wa minor isanatulukire kowala. Sheeran akuimba za chikondi chokafika kuukalamba, cha anthu oti miyendo idzafooka koma iwo akadali limodzi. Mwa iye besi imayenda, ikukwera D, F#, G, A, pomwe chord ya pamwamba imakhalabe pomwepo kwa magawo awiri oyambawo. Pansi zinthu zikusuntha, pamwamba palibe wachoka. Kaya anachita kuganizira kapena zala zinangomutsogolera, chord ikunena zomwe mawu akunena.

Mphunzitsi wamkulu wa luso limeneli m'nyimbo za pop anali Brian Wilson wa gulu la The Beach Boys. Mu 1966, pa chimbale cha Pet Sounds, iye ndi Tony Asher anapeka "God Only Knows", yomwe inaimbidwa ndi mng'ono wake Carl Wilson. Ndi nyimbo ya chikondi, koma mzere wake woyamba umayamba ndi kukayika, chinthu chimene opeka ambiri a nthawi imeneyo sakanayerekeza. Wilson anatenga kukayikako n'kukuika m'manoti. Woimba akangotsegula pakamwa, chord yomwe ili pansi pake ndi D yoima pa A, ija yolendewera ija. Kutsogolo kumabwera E, yomwe imayenera kukhala kwawo kwa nyimbo, koma nayonso imabwera itaima pa B. Womvera amadikira kuti apa ndiye tafika, n'kupeza kuti pansi palibe popondapo. Mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati nyimboyi ili mu kiyi ya E kapena ya A.

Ikafika pa korasi, besi imayamba kutsika masitepe mwaulemu: A, G#, F#, E. Sitepe yachiwiriyo ndi E yotembenuzidwa. Munthu akaichotsa n'kuikapo E wamba, besi imadumpha dzenje, ndipo kutsetsereka konse kuja kumatha. Aliyense amene ali ndi kiyibodi pafupi angathe kuyesa yekha. Kusiyanako kumamveka ngakhale kwa munthu woti sanaphunzirepo noti. Paul McCartney wakhala akuitchula nyimboyi pakati pa nyimbo zopambana zonse zomwe zinapekedwapo.

Chaka chotsatira, mu 1967, gulu la Procol Harum linatulutsa "A Whiter Shade of Pale", momwe besi imatsika noti ndi noti kuchokera pa C, mwa kayendedwe kokumbutsa Bach. Mawu a Keith Reid m'nyimbo imeneyi ndi ovuta kuwamasulira ngakhale kwa eni Chingerezi, koma anthu amamvabe kuti munthuyu zinthu zikumupulumuka, chifukwa pansi pakungotsika. Nayonso inakathera kukhoti ngati ya Sheeran ija: Matthew Fisher, yemwe anaimba ogani, anapatsidwa gawo la 40 pa 100 la umwini wa maimbidwe ake mu 2006, ndipo House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain panthawiyo, inamuikira kumbuyo mu 2009. Zaka 42 zinali zitadutsa.

Pali chifukwa chimene opeka achinyamata ambiri, ku Lilongwe ngakhalenso ku London, samafikira pa luso limeneli, ndipo si ulesi ayi. Ndi makina. Kiyibodi yoimba yokha ng'oma ndi besi, ija imapezeka m'matchalitchi ndi m'maukwati, ikaikidwa pa kaimbidwe ka masiku onse imawerenga chord yomwe dzanja lamanzere lagwira n'kuimba besi ya muzu wake basi. Woimba atembenuze zala mmene angathere, makinawo amabwerera pa do. Mnyamata wophunzirira pa chida chotere amakula osamvapo besi itaima pa mi, ndipo akadzalowa mu situdiyo n'kuyamba kujambula pa kompyuta, amalemba besi yotsatira mizu yokhayokha. Nyimbo zake zimatuluka zolondola, zovinika, koma zonse zimayenda ngati munthu wovala nsapato za msilikali.

Chodabwitsa n'chakuti agogo ake a mnyamata yemweyo, amene amaimba besi m'kwaya popanda chida chilichonse, inversion amaichita Lamulungu lililonse. Nyimbo za m'buku za mawu anayi zinalembedwa moti besi iziyenda njira yakeyake, ndipo pafupi ndi mapeto a vesi kawirikawiri imaima pa so kwinaku ena ali pa do ndi mi, isanatsike kukatseka. Dzina lake sadziwa, koma khosi lawo limadziwa.

Mawu nawo ali ndi malo awo okhala. Pamene chord yasintha ndi pamene khutu limatchera, choncho liwu lomwe lagwera pamenepo limalemera kuposa anzake. Wopeka akaika "ndipo" kapena "koma" pa chord yokoma koposa m'nyimbo yake, ndiye kuti wapereka mpando wa mfumu kwa mwana wotumidwa. Wopeka m'Chichewa ali ndi katundu wina wowonjezera amene Sheeran alibe. Chichewa chimakoka silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma samveka mofanana. Nyimbo ikakankhira mphamvu pa silabo yolakwika, omvera amamva kuti mawuwo anachita kuwakanikizira m'nyimbo ya eni ake. Zimenezi zimamveka kwambiri m'nyimbo zina zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo anthu anangozizolowera.

Mlandu wa ku Manhattan uja unali ndi zoseketsa zake. Poti malamulo a ku America amateteza nyimbo za chaka cha 1978 chisanafike malinga ndi pepala la manoti lomwe linalembetsedwa, anthu oweruza mlanduwo (jury) sanaloledwe kumva mawu a Gaye mwini. Anamva kompyuta ikuimba "Let's Get It On" ndi mawu ouma ngati a loboti, ndipo anthu m'khotimo anaseka. Katswiri wa mbali ya Sheeran, Lawrence Ferrara, anasonyeza kuti ma chord anayi amenewa analipo m'nyimbo zina Gaye asanawagwiritse ntchito. Sheeran ananena poyera kuti akagonja asiya zoimba. Pa 4 Meyi 2023, atakambirana kwa maola pafupifupi atatu, oweruzawo anagamula kuti sanabe. Maliro a agogo a Sheeran ku Ireland anali atachitika sabata yomweyo iye ali kukhoti.

Kwa amene akufuna kuyesa sabata ino: ma kiyibodi akuluakulu a Yamaha, monga a mtundu wa PSR-S, ali ndi kaimbidwe kotchedwa Fingered On Bass, komwe kamalola kuti noti yapansi yomwe chala chagwira ikhale besi. Pa ang'onoang'ono omwe alibe zimenezi, zimitsani besi ya makina, gwirani G ndi dzanja lamanja, ikani chala chamanzere pa B, kenako mupite ku C.